Wodwala Safunsidwa Kamodzi

Usiku wathawu ndinalota ndikuthamanga, abale anga. Ine amene. Sekani ndithu, poti inenso ndadzuka ndikuseka ndekha m'nyumba muno. Ndati ndikulembereni pagulu lathu la pafoni pano kusanatenthe, malotowa asanandithawe m'mutu, chifukwa ena mwa inu mumadzitama kuti mumadziwa kumasulira maloto. Lero tikuoneni.

Koma poti pagulu pano palowa anthu atsopano, ndiyambe ndadzifotokoza, kuopa kuti wina angati kuthamanga n'chiyaninso choti munthu adzutsire anzake m'mawa. Ine ndine Lozina, amake Dalitso, uja ndinkagulitsa tomato pamsika wathu pafupi ndi mpopi. Zaka zitatu zapitazo lole ya matola yomwe tinakwera pochokera kokapikula tomato inagubuduzika pakona. Anzanga anangosupuka apa ndi apo, ine nyonga ya kumanzere inathyoka, msana wam'munsiwu n'kuvulala. Kuchipatala anandiika chitsulo. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi ndodo, kuima nthawi yaitali sindingathe, kusenza ndiye tisanene n'komwe. Geni inathera pakona pomwepo.

Chaka chatha ndinamva kuti boma limathandiza anthu aulumali omwe sangathenso kudzigwirira ntchito. Ndinalembetsa, mafomu ndinadzaza, dokotala anandilembera kalata, kenako anandiitana kukaonekera pamaso pa komiti yomwe imaona ngati munthu akuyeneradi thandizolo. Apa ndi pamene ndinadzipha ndekha. Ndinachita monga mmene amayi anga anandilerera. Ndinasamba, kudzola mafuta mpaka kunyezimira, kuvala chitenje changa cha kumaukwati ndi duku lake. Nditafika pakhomo la chipindacho ndodo ndinaitsamiritsa panja, ati ndisaoneke ngati ndabwera kudzachititsa anthu chisoni. Ndinalowa, n'kugwada pamaso pa akuluakulu, mano nditaluma, m'maso mukuchita mdima ndi ululu. Bwana wokhala pakati, wa magalasi, chidindo chili patsogolo pake, anati, "Muli bwanji, mayi?" Ine n'kuti, "Ndili bwino, kaya inu bwana."

Nanga ndikanati chiyani? Ndani mwa inu anayankhapo moni ndi madandaulo? Kwathu kuno munthu amati ali bwino ngakhale atamunyamula pamachira. Mafunso ena omwe anandifunsa ndinawayankha ndi timawu tomwe tija: pang'ono, tikuyesera, Mulungu akusamala. Kalata itabwera inati ndinalowa ndikuyenda ndekha, ndinagwada ndi kudzuka popanda wondigwira, ndipo ndinanena ndi pakamwa panga kuti ndili bwino. Thandizo, ayi. Ndinalira ndi ukali, koma ndikanakalipira ndani, poti palibe bodza lomwe analemba.

Ndinachita apilo, ndipo andipatsa mwayi wina Lachinayi likubwerali. Akandikananso basi, nyumba ino sindingathenso kukhalamo, ndibwerera kumudzi kukasungidwa ndi achimwene. Achimwene ndi munthu wabwino, musandimve molakwika, koma ine ndadzidyetsa ndekha moyo wanga wonse. Chimenechi ndiye chikundidya.

Ndiye alamu anga a Fanesi, mlongo wawo wa malemu amuna anga, amene timakhala khomo ndi khomo, akhala akundiphunzitsa masana alionse kwa milungu iwiri. Amavundikira chidebe n'kukhalapo, amavala magalasi akale osowa diso limodzi, kamusi kosinjira nsinjiro ndiye chidindo chawo. Akatero amakulitsa mawu, "Muli bwanji, mayi?" Ine pakamwa pamangotuluka "ndili bwi..." Iwo n'kumenya kamusi pansi. "Asa! Alamu, manyazi anapha lambe. Tulukani, mulowenso." Akuti ndizinena za tsiku loipa, osati za tsiku lomwe ndadzuka bwinoko. Akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, komiti singalowe m'chiuno mwanga kukaona. Pamodzi pokha ndi pomwe tinakangana: ankafuna ndikavale diresi yong'ambika, ndisadzole, ndikalowe ndikubuula. Ndinakana. Ndinati kunama sindikanama, ndi zoona zomwezi zikundikanika kutulutsa. Dzulo tinayeserera kasanu, ndinalakwa kanayi. Ndiye malotowo ndi awa.

Linali Lachinayi lomwelo m'mawa, dzuwa litawala bwino, kopanda mphepo. Ndinali pakhonde, envelopu yanga yaikulu ili m'khwapa, muli buku lakuchipatala, chiphaso, kalata ya dokotala ndi ekisire. Ndiye ndinati nditenge ndodo tizipita. Kuyang'ana pomwe ndimaitsamiritsa, ndodo yazika mizu. Yaphuka masamba, chinangwa chenicheni, chonsecho ndi yachitsulo ija anandipatsa kuchipatala. Sindinadabwe n'komwe. Ndinangoti aaa, bola, tizipezapo chigwada, n'kuisiya kuti ikule.

Kenako ndinatsika sitepe ya pakhonde. Inu, sitepe imeneyo ndi mdani wanga, tsiku lililonse ndimayamba ndaipempha ndisanaiponde. Ndinaponda, zii. Palibe chobaya. Ndinapondanso, zii. Ndinagwedeza chiuno uku ndi uku kuti mwina ululu wagonereza, udzuka. Ayi ndithu. Ndiye pali ngalande ija ya pakati pa nyumba yanga ndi ya a Fanesi, imene ndimazungulira mpaka kuchigayo kuti ndikawoloke pathabwa. Ndinangoidumpha. Ndinabwerera n'kuidumphanso. Kachitatu ndinaidumpha chambuyo, dala, kuti ione.

A Fanesi anatuluka atavala magalasi awo a komiti aja. Atandiona anagwira pakamwa. "Alamu, mwapenga? Lero ndi Lachinayi! Tsimphinani, anthu akuona!" Ine kuseka kokhakokha.

Kenako tinali pamsewu. Minibasi inaima, kondakitala akukuwa, "Komiti! Komiti! Awiri otsala!" A Fanesi anakwera n'kundisungira mpando wakutsogolo uja amandipatsa chifukwa cha mwendo. Ine ndinauza kondakitala kuti tsogolani, mukandipeza komweko. Ndiye ndinakwinya chitenje, kuchimanga m'chiuno, mapatapata m'manja, n'kuliyatsa liwiro. Abale, kukoma kwake! Timiyala ndinkatimva pansi pa mapazi, mphepo ikulowa m'makutu, mtima ukugunda chifukwa cha liwiro osati mantha. Minibasi ija ndinaipitirira ngati yaima. Pawindo ndinaona nkhope ya a Fanesi, akundilozera mwendo, pakamwa pakuyenda koma mawu osamveka. Ndinawabayibitsa ndi patapata.

Ndiye ndili mkati mothamanga ndinakumbukira kuti kalata ya dokotala sindinaichite fotokope. Kashopu ka fotokope kanali pakati penipeni pa msewu, magalimoto akukazungulira bwinobwino. Mayi wa pashopupo anaika kalata yanga m'makina, makina analira, koma m'malo mwa pepala munkatuluka mandasi otentha. Anati ndi momwe zikuyendera masiku ano, komiti ikulandira. Ndinadya awiri nditaimirira, ena ndinaika mu envelopu, n'kupitiriza ulendo.

Kenako msewu unangothera mumsika, ngakhale njira ya ku ofesi ya komiti sidzera kumsika. Malo anga aja apafupi ndi mpopi analipo, chiguduli changa chitayalidwa, palibe amene anakhalapo. Beseni la tomato lili apo, lodzaza mpaka nsonga. Kale, ndili ndi mphamvu zanga, pankafunika munthu wonditwika. Koma apa ndinanjuta, kuligwira uku ndi uku, n'kudzitwika ndekha, popanda nkhata. Azimayi anzanga anaimba nthungululu msika wonse. Mayi wina wa usipa, amene tinasiya kuyankhulana kalekale chifukwa cholimbirana mthunzi, anabwera n'kundivinira patsogolo, ine n'kumamuvinira beseni lili pamutu, tomato osagwa ndi mmodzi yemwe.

Ndiye kumapeto kwa msika kunali masitepe a ofesi ija. Chaka chatha ndinawakwera ndikupumira pa sitepe iliyonse, anthu akundilambalala. Apa ndinkadumpha awiriawiri, beseni lili pamutu, ndikuimba. Masitepewo sankatha, ndipo sindinkafuna kuti athe. Nditafika pamwamba ndinakankha chitseko ndi phazi. Beseni linapepuka, ndipo nditakweza manja kuti ndiligwire ndinapeza ndagwira mpira.

Ndinali pabwalo la ntchemberembaye la kusukulu kwathu kwa pulayimale, lija la mizere yojambula ndi phulusa. Koma m'malotomo ndinkadziwa kuti pamenepo ndiye mu ofesi ya komiti. Benchi lodikirira linali m'mbali, ndipo anthu omwe ndinakhala nawo pamzere chaka chatha analipo: bambo wina wa njinga ya olumala yopalasa ndi manja, mayi wosaona wa ndodo yoyera, ndi ena ambiri. Iwo sanachire ngati ine, anali monga mmene alili, koma onse anali atavala mabibu, timalaya ta osewera tija, akuponyerana mpira. Mayi wosaona uja ndiye ankawakha kuposa tonse.

Woyimbira anali aphunzitsi athu a mpira, aja tinkawatcha a Wenzulo chifukwa wenzulo sinkachoka m'khosi mwawo. Anamwalira ine ndisanakwatiwe, koma anali pamenepo, atavala siketi yawo yobiriwira ndi nsapato zoyera. Atandiona anakuwa, "Iwe Lozina, wachedwanso! Lowa pa senta, fulumira!" Masiku ano aliyense amandiyankhula mofewa, ngati ndiwaswekera m'manja. Kukalipiridwa kumeneko kunandikomera kwambiri, mpaka ndinafuna ndichedwenso.

Ndiye tinasewera. Ndinathamanga bwalo lonse, ndinalanda mpira m'mwamba, ndinatembenuka pa mwendo umodzi, wakumanzere womwewu. Bambo wa njinga ankadutsa ngati mphepo, fumbi lili koboo, akukuwa kuti ndimupatsire. Amene munasewerako mukudziwa kuti wa pa senta saponya chigoli, ndi lamulo. Ine ndinaponya ndili pakati pa bwalo pomwepo. Mpira unakwera, unakaima kaye m'mwamba ngati ukuganizira, kenako unatsika n'kulowa mu ring'i osakhudza m'mbali. A Wenzulo anayang'ana kumbali ngati sanaone. Tinakumbatirana tonse, timu yathu ndi timu inayo, chifukwa palibe ankadziwa kuti ali mbali iti.

Kenako wenzulo inalira motalika, masewera n'kuima. Pansi pa mtengo wa chigoli panali tebulo, lomwe sindinalione likubwera. Kuseri kwake kunakhala anthu atatu: dokotala wa gawuni yoyera, mayi wolemba mafomu, ndi bwana wa magalasi yemwe uja wa chaka chatha. Chidindo chake chinali chitakula, chikufanana ndi mtondo wozondotsa. Mayi wa mafomu anaitana dzina langa.

Apa ndi pomwe ndinakumbukira kuti ndabwera kudzatani. Mayo ine! Thukuta lili kamukamu, fumbi mpaka m'maondo, ndipo komiti yonse yakhala ikundionerera ndikudumphadumpha. Ndinati nditsimphine msanga. Koma ndinaiwala kuti mwendo wovuta ndi uti. Ndinatsimphina wakumanja. A Fanesi, amene anali atatulukira kumbuyo kwanga ali wefuwefu, anandinong'oneza kuti si umenewo. Ndinasintha. Kenako ndinasokonezeka n'kutsimphina yonse iwiri, zinakhala ngati gule, ndipo ng'oma inayamba kulira kwinakwake kundithandiza. Ndinafika patebulo ndikuvina.

Dokotala anatsegula envelopu, anakankhira mandasi pambali osafunsa kanthu, anatulutsa ekisire n'kuikweza kudzuwa. Tonse tinaona mafupa anga, chitsulo chili pamalo pake. Koma mafupawo ankavina chimtali. Dokotala anagwedeza mutu potsatira kavinidweko, n'kunena kuti chitsulo chilimo ndithu, n'kupatsira mnzake. Ndiye maondo anga anayamba kupinda okha kuti ndigwade. A Fanesi anandikoka chitenje kumbuyo, ngati mbuzi yofuna kulowa m'munda mwa eni, mpaka ndinaima njo.

Bwana uja anatsitsa magalasi. "Muli bwanji, mayi?"

Milungu iwiri ya chidebe ndi kamusi inauluka yonse. Ndipo ndikuuzeni chinthu, abale: m'malotomo sikunali kunama. Zaka zitatu zonsezi mawu amenewo ndakhala ndikuwanena ndi milomo yokha, koma apa anali oona. Ndiye ndinawanena ndi mtima wonse, mokweza, mpaka mbalame zinauluka m'mitengo ya kuseri kwa makalasi. "Ndili bwino, kaya inu bwana!"

A Fanesi anaika manja kumutu n'kukhala pansi. Mayi wa mafomu anawerama kuti alembe. Bwana ananyamula chidindo ndi manja awiri. Ine chimwemwe chonse chija chinatsikira kumapazi. Ndinaona nyumba ya achimwene kumudzi, kachipinda kaja amasungiramo feteleza, mphasa yanga itayalidwa kale pakati pa matumba.

Pyeee! A Wenzulo. Anabwera chothamanga, dzanja lili m'mwamba monga ankachitira munthu akayenda ndi mpira. Ndinati ndalakwa ndine. Ayi, analoza tebulo. "Faulo ya komiti," anatero. "Mwafunsa kamodzi. Kwanu anakuphunzitsani kuzonda wodwala chotero? Woyambawo ndi moni chabe. Wodwala safunsidwa kamodzi."

Bwana uja anachita manyazi, n'kuika chidindo pansi pang'onopang'ono. Kenako miyendo ya tebulo inayamba kufupika, kufupika, mpaka tebulo linagona pansi n'kukhala mkeka. Atatu aja anavula nsapato, anakhala pamkekapo n'kutambalala, sokosi ya bwana itabooka pa chala chachikulu. Dokotala anatulutsa nthochi m'thumba la gawuni, mayi wa mafomu anatulutsa chigubu cha thobwa m'chikwama, monga amachitira anthu obwera kudzazonda matenda. Ine anandikhazika pampando wautali bwino, ndi pilo kumsana. Ine pamwamba, akuluakulu pansi! Ndinafuna kukana, a Fanesi ananditsina.

Ndiye tinakhala chete pang'ono. Mukukadziwa kachetechete kaja, moni ukatha, pamene mlendo amayang'ana pansi, kuthyola kaudzu, kudikira kuti mtima wa wodwala ukhazikike. Palibe amene anayang'ana wotchi. Kenako bwana uja, ndi mawu ena, osati a mu ofesi aja, anati, "Tsopano tiuzeni, amake Dalitso. M'thupimo mukumva bwanji?"

Pakamwa panga panangotseguka pokha. Ndinawauza kuti ndimagonera mbali imodzi yokha, ndipo ikatopa ndimadzuka kukakhala pampando mpaka ululu utazirala. Ndinawauza kuti mvula ndimaidziwa kutatsala tsiku lathunthu, chifukwa chitsulocho chimazizira mkati. Kuti kutchalitchi anthu akaimirira nyimbo ya mavesi asanu, ine ndimapemphera chamumtima kuti otsogolera adumphe lachitatu ndi lachinayi. Kuti ndowa yamadzi ndimatunga theka, n'kuikoka pansi ngati mwana wokana kupita kusukulu. Ndinanenanso kuti mapazi angawa sindinawakwechepo ndekha chichitikireni ngoziyo, amandikwecha ndi a Fanesi Loweruka lililonse kuseri kwa bafa, ndipo munthu akaodira timanamizira kuti tikulukana tsitsi.

Chilichonse chomwe ndinkanena chinkatuluka pakamwa n'kugwera pamkeka chili tomato. Mayi wa mafomu anasiya bolopeni, n'kumatola, kumapukuta ndi chitenje chake, kumaunjika timilu monga ndinkachitira pamsika, atatu pansi mmodzi pamwamba. Anthu a mabibu aja anatizungulira, ndipo ndikamaliza kunena chimodzi ankavomera pamodzi, "Eee, pepani," ngati akwaya.

Kenako ndinafika pa chija chomwe ngakhale poyeserera timachidumpha, ngakhale kuti anakachipangitsa kwa kalipentala ndi a Fanesi omwewo. Ndinati kuchimbudzi sindingathe kunjuta. Ndili ndi mpando wobooledwa pakati, ndimaubisa kuseri kwa chitseko nditauphimba ndi chiguduli, alendo asauone. Ndinanena zimenezo pamaso pa amuna, inu. Ndinatsinzina kudikira kusekedwa.

M'malo mwake bambo wa njinga uja anatsokomola. "Wanuwo uli ndi potsamira? Wanga uli napo, ndi poika mikono pomwe. Ndikakusonyezeni kalipentala wake." Mayi wosaona anati wake anaupaka penti wobiriwira, ati anamuuza choncho, iye akungokhulupirira. Abale, tinaseka! Dokotala anaseka mpaka kugwetsa nthochi, bwana anavula magalasi kupukuta misozi, a Fanesi ankamenya pansi ndi chikhatho akuti hehede, ine nthiti kuwawa. Sankandiseka ine ayi, tinkaseka tonse pamodzi, ndipo kuseka kotereku ndinali nditakuiwala.

Chodabwitsa n'chakuti pamene ndinkanena zonsezi ululu unkabwerera. Pang'onopang'ono, monga amabwerera madzi pampopi utauma tsiku lonse. Unayamba m'nyonga, unakwera kumsana, n'kukhala pamalo pake pa masiku onse. Ndinadziwa kuti kuthamanga kwatha. Koma sindinadandaule. Pachifuwa pano ndi pomwe panapepuka, kuposa pamene ndinkapitirira minibasi paja.

Timilu ta tomato tinadzaza mkeka wonse. Bwana anatiyang'ana timiluto, anayang'ana anzake, iwo anagwedeza mitu, koma sindinadziwe ngati ndi kugwedeza kovomera kapena kokana. Anakoka fomu yanga n'kuiyala pabondo. Chidindo chinali chitachepa n'kukhala chidindo wamba. Anachiuzira mpweya, haa, monga amachitira inki ikauma. A Fanesi anandigwira dzanja. A Wenzulo anaika wenzulo pakamwa. Ndinasuzumira kuti ndiwerenge zolembedwa pachidindocho, zilembo zili chozondoka, ndinagwira chilembo choyamba chokha, dzanja la bwana likutsika, likutsika...

Di!

Ndinadzidzimuka. Linali peyala, lagwera padenga la malata. Kunja kutayera kale, ine nditatembenukira mbali yoletsedwa ija, nyonga ikuyaka moto, pilo atanyowa, kaya ndi misozi ya kuseka kaya inayo. Chilembo chija ndayesa kuchikumbukira, chakana.

Zinanditengera nthawi kuti ndikhale tsonga, monga mwa masiku onse. Ndili m'mphepete mwa bedi ndinaganiza chinthu chimodzi. Lachinayi kulibe mkeka, kulibe nthochi, kulibe a Wenzulo oti akaimbe faulo. Akandifunsa kamodzi, ndipo sindingawanene, benchi limakhala lodzaza panja. Ndiye funso lachiwirilo ndiyenera kukaliyankha ndekha popanda wondifunsa. Koma ndingakayambire bwanji kwa alendo chinthu chomwe ndakhala ndikubisira inu anzanga? Zaka zitatu mwakhala mukundifunsa pagulu pano, kutchalitchi, pamsewu, ine n'kumakuyankhani zomwe zija, n'kuikapo kachithunzi komwetulira. Ndiye ndiyesere pa inu kaye. Abale anga, ine sindili bwino. Chiuno chimandiwawa tsiku lililonse, ntchito sindingagwire, ndipo ndikuopa kubwerera kumudzi. Za mpando zija ndi zoona, uli kuseri kwa chitseko pano pomwe ndikulembera. Eee, ndanena. Ndipo sindifufuta.

Tsopano omasulira, bwalo ndi lanu. Kulota ukuthamanga pamene kuyenda komwe kumakuvuta, n'chiyani? Nanga tomato wotuluka pakamwa? Aphunzitsi omwalira kubwera kudzandiikira kumbuyo, ndi zabwino kapena ndiyambe kusala kudya? A Fanesi ndawafotokozera kale pampanda, akuti ndi nyemba zomwe ndinadya madzulo, ndiye yankho limenelo latengedwa, musabwereze. Aja mumati maloto amayenda chobwerera, kuti ukalota ukwati ndi maliro, inu yambani mwamwa tiyi, mudzandiyankhe Lachisanu. Ena nonse ndiuzeni: kodi malotowa akuti chidindo chija chikandikomera, kapena wina anangondibwereka miyendo usiku umodzi? Ngati ndi kubwereka, amene akumudziwa mwini wake akamuuze kuti ndabweza ili bwinobwino, ndathokoza kwambiri, ndipo Lachinayi likadutsa ndidzaifunanso.